Mneni Ndiye Mwini Nthawi: Kuunika Kaphunzitsidwe ka Ndondomeko ya Zocitika m'Nkhani Zofotokoza

1. Mau Oyamba

Mwa maluso onse amene mphunzitsi wa cinenero amafuna kuti ophunzira ake akhale nao pa phunziro la kumvetsa nkhani, luso lozindikira cimene cinayamba kucitika ndi cimene cinatsatira limaoneka ngati lopepuka kuposa ena. Njira yozolowereka yoliphunzitsira ndi yakuti mphunzitsi amalemba pa bolodi mndandanda wa mau olozera, monga poyamba, caciwiri, kenaka, pambuyo pake ndi potsiriza. Ophunzira amauzidwa kuti afunefune mau amenewa m'ndime, awalembe mzere kunsi, ndipo andandalike zocitikazo mowatsata. Phunziro lotere limatha msanga, ana ambiri amakhoza, ndipo mphunzitsi amatuluka m'kalasi mtima uli m'malo.

Colinga ca nkhani ino ndi kuunika njira imeneyi pamene ikugwiritsidwa nchito pa nkhani zofotokoza zinthu zenizeni, ndiko kuti nkhani za mbiri yakale, za sayansi, za ulimi, za umoyo ndi za m'manyuzipepala. Mfundo yathu ndi imodzi. M'Cinyanja, katundu wamkulu wosonyeza ndondomeko ya nthawi amasenzedwa ndi mneni, ndipo mau oima paokha amangothandizira. Motero mwana amene waphunzitsidwa kusaka mau olozera okha amafanana ndi mlenje amene wachera misampha yake kumene nyama sizidutsa.

2. Kumene Njira Imeneyi Inacokera

Njira ya mau olozera ili ndi maziko omveka. Mu 1975 Bonnie Meyer anafalitsa buku lochedwa The Organization of Prose and Its Effects on Memory, m'mene anaonetsa kuti kamangidwe ka nkhani yofotokoza kamakhudza zimene wowerenga amakumbukira. Kafukufuku amene anatsatira anaonetsanso kuti ophunzira amene azindikira kamangidwe kamene mlembi watsata amakumbukira zambiri kuposa anzao. Kucokera pamenepo mindandanda ya mau olozera inalowa m'mabuku ophunzitsira aphunzitsi. Maziko amenewa sitikuwatsutsa. Vuto ndi lakuti mindandandayo inakonzedwera Cingerezi, cinenero cimene cimapatsa nchito yambiri timau toima patokha monga before, after, when, since ndi until.

Mbiri ya maphunziro muno m'Zambia ikutithandiza kumvetsa mmene cida ca cinenero cina cinalowera m'phunziro la Cinyanja osaunikidwa. Kuyambira mu 1966 Cingerezi cinakhala cinenero cophunzitsira kuyambira Giredi 1, ndipo zinenero zathu 7 za m'zigawo zinatsala ngati maphunziro wamba pa ndandanda ya sukulu. Kukonzanso maphunziro kwa mu 1977 kunasiya zinthu momwemo. Kafukufuku wa Eddie Williams wa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 anaonetsa zipatso zake: ana a ku Malawi ankawerenga Cicewa bwino kwambiri kuposa mmene ana a kuno ankawerengera Cinyanja, pamene pa Cingerezi magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni. Ndondomeko ya Educating Our Future ya mu 1996 inatsegula khomo lakuti ana ayambe kuwerenga m'cinenero cimene amacidziwa, ndipo mu 2014 zinenero zathu zinayamba kugwiritsidwa nchito pophunzitsa m'Magiredi 1 mpaka 4. Komabe zaka 30 zoyambazo zinasiya cizolowezi cakuti njira zophunzitsira zimayamba kuganiziridwa m'Cingerezi, n'kumasuliridwa pambuyo.

Pomasulira mndandanda wa mau olozera pamacitika cinthu cimene sicioneka msanga. Liu lakuti first limapeza mnzake, then limapeza mnzake, finally limapezanso mnzake. Koma before lilibe liu limodzi loima palokha limene lingalowe m'malo mwake, cifukwa ganizolo m'Cinyanja limakhala m'kati mwa mneni. Womasulira amangolidumpha, ndipo mndandanda umene umafika kwa mwana umakhala wa mau okhao amene amaonekera pamene nkhani ikuyenda molunjika.

3. Zizindikiro za Nthawi m'Mneni

Taonani ziganizo zinai izi, zimene zonse zikunena za zocitika ziwiri zomwezo:

(1) Mvula itagwa, alimi anabzala cimanga.
(2) Alimi anabzala cimanga mvula itagwa.
(3) Mvula inagwa alimi asanabzale cimanga.
(4) Alimi asanabzale cimanga, mvula inagwa.

M'ziganizo zonsezi mvula ndiyo inayamba ndipo kubzala kunatsatira. Mu (1) ndi (3) zocitikazo zachulidwa mmene zinatsatirana, koma mu (2) ndi (4) cimene cachulidwa poyamba ndico cinacitika pambuyo. Palibe liu lililonse la pa mndandanda uja limene likupezeka pano. Cimene cikulamula tanthauzo ndi aphatikiri awiri, -ta- ndi -sana-, amene abisala pakati pa cigwirizanitsi ndi tsinde la mneni.

Aphatikiri awiriwa ali ndi anzao:

(5) Mkuluyo anatenga khasu napita kumunda.
(6) Madzi akawira, thirani ufa.
(7) Tinawapeza akukolola.
(8) Pamene mbeu zinafika, alimi anali atabzala kale.
(9) Cimwalirireni mfumu, mlandu wa malirewo sunakambidwenso.

Mu (5) mneni wotsatira, napita, amene ambiri amanenanso kuti n'kupita, sangabwezedwe kutsogolo. Ndondomeko yake ndi yokhazikika. Uwu ndi mtundu wa ziganizo umene William Labov ndi Joshua Waletzky, m'nkhani yao ya mu 1967, anauona ngati msana wa nkhani yosimba, popeza kusinthanitsa ziganizo zotere kumasinthanso zimene womva aganiza kuti zinacitika. Mu (6) -ka- akusonyeza kuti cocitika cimodzi ciyenera kudikira cinzake. Mu (7) zocitika ziwiri zikuyendera limodzi. Mu (8) mneni wa mbali ziwiri, anali atabzala, akubweza wowerenga ku nthawi imene inadutsa kale nkhani isanafike pamene yaima. Mu (9) kapangidwe ka ci- ndi -ireni kakuika polekezera pamene nthawi iyambira kuwerengedwa. Mwana wolankhula Cinyanja amamva zonsezi tsiku ndi tsiku pakhomo. Cimene amasowa ndi kuziona ndi maso pa pepala ndi kuzindikira kuti ndizo zikumuuza nthawi.

4. Ndondomeko ya Kasimbidwe ndi Ndondomeko ya Zocitika

Akatswiri a zolembalemba, makamaka Gérard Genette m'buku lake la mu 1972 lochedwa Figures III, anasiyanitsa ndondomeko imene zinthu zinacitikira ndi ndondomeko imene mlembi wasankha kuzisimbira. Kusiyanitsa kumeneku kawirikawiri kumakambidwa pa nkhani zopeka, koma kumafunika koposa pa nkhani zofotokoza. Nthano ya pamoto imayenda molunjika, kucokera pa ciyambi mpaka pamene kalulu wapulumuka. Wolemba mbiri yakale amayamba ndi cocitika cacikulu n'kubwerera m'mbuyo kukafuna magwero ake. Mtolankhani amayamba ndi cimene cacitika posacedwa, zakale n'kuziika kumapeto. Mwana amene wazolowera nthano amalowa m'nkhani zotere ali ndi cikhulupiriro cakuti cimene cachulidwa poyamba ndico cinayamba.

Cikhulupiriro cimeneci cinafufuzidwa. Mu 1971 Eve Clark anaonetsa kuti ana aang'ono olankhula Cingerezi, asanamvetse bwino tanthauzo la before ndi after, amangotsata ndondomeko imene zocitikazo zachulidwira m'ciganizo. Zotsatira zake n'zakuti amakhoza ziganizo zonga (1) ndi (3) ndi kulakwa zonga (2) ndi (4). Clark anafufuza ana a msinkhu wosayamba sukulu ndiponso cinenero colankhulidwa, koma phunziro lake kwa ife n'loonekeratu: kukhoza ciganizo colunjika si umboni wakuti mwana wamvetsa ndondomeko ya nthawi. Njira ya mau olozera, mwa kusankha ndime zolunjika zokha, imalimbikitsa cizolowezi cimene imayenera kucotsa.

Tiyese njirayi pa ndime iyi, imene taikonza motsata kalembedwe ka mabuku a mbiri yakale:

(10) Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa ndi asilikali a Angerezi kuciyambi kwa caka ca 1898. Nkhondoyo isanabuke, Carl Wiese anali atafalitsa kale mbiri yakuti m'dziko la Mpezeni muli golide. Makolo a Angoniwa anaoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, tsiku limene kunacitika kadamsana. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anaomberedwa atagwidwa. Mpezeni anamwalira mu 1900 atabwerako ku Fort Manning kumene anasungidwa atadzipereka.

Ndime imeneyi ilibe poyamba, ilibe kenaka, ilibe potsiriza. Mwana amene wanyamula mndandanda wake apa amafika pa mtsinje wopanda mlatho. Akatsata kachulidwe, anena kuti kugonja kunayamba, mbiri ya golide inatsatira, ndipo kuoloka Zambezi kunabwera pambuyo pa zonsezi. Ndondomeko yeniyeni ndi iyi: kuoloka Zambezi, mbiri ya golide, kubuka kwa nkhondo, kugonja, kugwidwa kwa Nsingo ndi kuomberedwa kwake, ndipo kumbali ya Mpezeni, kudzipereka, kusungidwa ku Fort Manning, kubwerako ndi kumwalira. Zaka zitatu zolembedwa m'manambala zikuthandiza kuika mizati itatu yokha. Zonse zotsala zadalira mneni. Ciganizo cotsiriza n'coyenera kuciyang'anitsitsa, pakuti cili ndi zocitika zinai ndipo cazichula cafutambuyo, kuyambira pa imfa kubwerera ku kudzipereka.

Pali ngozi inanso imene ndime yotere imaonetsa. Mphatikiri -ta- amanena kuti cinthu cinatsatira cinzake, koma wowerenga amafulumira kumva ngati cinacititsidwa ndi cinzakeco. Mu anaomberedwa atagwidwa, kugwidwa kunapereka mpata wa kuomberedwa. Mu anamwalira atabwerako, kubwerako sikunaphe Mpezeni. Mneni wapangidwa mofanana m'ziganizo ziwirizi, koma ubale wa zocitika ndi wosiyana. Wophunzira mbiri yakale amene sasiyanitsa kutsatira ndi kucititsa adzasoceretsedwa ndi mlembi aliyense amene aika zinthu ziwiri moyandikana.

5. Mau Olozera Amene Amasoceretsa

Ngakhale mau amene ali pa mndandanda sakhala okhulupirika monga tiganizira. Tsinde -mbuyo limaloza mbali ziwiri zotsutsana. Pambuyo pake amatanthauza nthawi yotsatira, pamene m'mbuyomo amatanthauza nthawi imene inadutsa kale. Mwana amene wauzidwa kuti m'mbuyo ndi kale, ndipo m'tsogolo ndi mawa, ali ndi cifukwa comveka cosokonezekera akauzidwanso kuti pambuyo pa nkhondo ndi nthawi imene nkhondoyo inali itatha. Momwemonso m'mawa ndi nthawi ya kum'bandakuca kufikira dzuwa litakwera, koma m'mawa mwake ndi tsiku lotsatira. Nalonso liu lakuti poyamba limagwira nchito ziwiri. Nthawi zina limaloza cocitika coyamba, nthawi zina limaloza mfundo yoyamba imene mlembi wasankha kukamba. Mlembi amene wati poyamba tikambe za kukolola sakunena kuti kukolola kumayamba kulima kusanacitike.

Kalembedwe kathu kamaonjezera vuto lina. Akatswiri a galamala, kuphatikizapo Sam Mchombo m'buku lake la mu 2004 lochedwa The Syntax of Chichewa, anaonetsa kuti kukwera ndi kutsika kwa liu kumasiyanitsa nthawi za mneni m'cinenero cathu. Polemba sitiika zizindikiro za kamvekedwe kameneka. Ciganizo cakuti Angoni amaweta ng'ombe zambiri, cikalankhulidwa, cimamveka ngati cikunena za masiku ano kapena za kale malinga ndi pamene liu lakwera. Cikalembedwa, wowerenga ayenera kupeza yankho m'ziganizo zoyandikana naco. Tikumbukirenso kuti mabuku ambiri amene ophunzira athu amawerenga analembedwa ku Malawi, kumene alembi ena amagwiritsa nchito -da- ndi -sada- m'malo mwa -na- ndi -sana-. Kusiyana kwa nthawi za mneni malinga ndi dera kunafotokozedwa ndi Andrea Kiso m'kafukufuku wake wa mu 2012 wokhudza Cicewa, Citumbuka ndi Cisena. Mwana wa ku Lusaka amene wakumana ndi asadafike kwa nthawi yoyamba ayenera kuuzidwa kuti ndi m'bale wake wa asanafike.

6. Nkhani Zofotokoza Kacitidwe ka Zinthu

Ena anganene kuti njira ya mau olozera imagwira bwino nchito pa nkhani zolangiza kacitidwe ka zinthu, pakuti m'nkhani zotere masitepe amayenera kutsatana. Pali coonadi m'mau amenewa, makamaka pamene mlembi waika manambala pa sitepe iliyonse. Koma taonani ndime iyi:

(11) Ufa woyera umagayidwa kucokera ku mphale yoviika. Musanaviike mphaleyo, ipeteni kuti gaga yense acoke, pakuti cimanga cikakonoledwa cimakhala cosakanikirana ndi gaga. Ikafewa, itsukeni n'kuiyanika pang'ono, ndipo ufa mukaugaya muuyanikenso musanausunge.

Ndimeyi yayamba ndi kugaya, kumene kuli pafupi ndi mapeto, ndipo kukonola, kumene ndiko ciyambi ca nchito yonse, yakubisa m'nthambi yopereka cifukwa. Masitepe ake ndi 8: kukonola, kupeta, kuviika, kutsuka, kuyanika mphale, kugaya, kuyanika ufa ndi kusunga. Mtsikana wa ku Katete kapena ku Chadiza amene amathandiza amai ake nchito imeneyi adzayankha bwino cifukwa amaidziwa kale, ndipo mphunzitsi adzaganiza kuti wawerenga. Koma mupatseni ndime yomangidwa mofananamo yonena za kayendedwe ka kacirombo ka malungo m'thupi, kapena za kasakanizidwe ka mankhwala ophera tizirombo m'munda wa thonje, zimene sanazionepo, ndiye mudzadziwa ngati akutsata mneni kapena akungokumbukira za kwao. Apa ndi pamene nkhaniyi imasiya kukhala ya m'kalasi cabe. Malangizo akuti imwani mankhwalawa musanadye ndi akuti imwani mankhwalawa mutadya amasiyana pa aphatikiri awiri omwewa, ndipo palibe liu lolozera limene lingacenjeze wodwala.

7. Zoyenera Kusintha

Sitikunena kuti mndandanda wa mau olozera utayidwe. Uli ndi malo ake, makamaka pophunzitsa ana kulemba malangizo omveka. Cimene tikupempha ndi cakuti uleke kukhala ciyambi ndi mathero a phunziro lonse.

Coyamba, mphunzitsi ayambire pa mneni. Ophunzira alembe mzere kunsi kwa aneni onse m'ndime, azunguze -ta-, -sana-, -ka-, n'ku- ndi anzao, ndipo pa mneni aliyense afunse kuti: kodi ici cinacitika ciani citatha, kapena ciani cisanayambe?

Caciwiri, ophunzira azolowere kutembenuza ziganizo. Wophunzira amene angatenge (1) n'kuisandutsa (2), (3) ndi (4) osasintha tanthauzo waonetsa luso limene funso losankha yankho silingaonetse. Nchito imeneyi siifuna buku lina lililonse; bolodi ndi coko n'zokwanira.

Cacitatu, pogwiritsa nchito mzere wa nthawi, pakhale mizere iwiri. Mzere wina usonyeze mmene mlembi wachulira zocitika, wina usonyeze mmene zinacitikira, ndipo ophunzira alumikize mizereyo ndi mivi. Pamene mivi yapingasana ndi pamene pali phunziro. Apa mphunzitsi angafunsenso cifukwa cimene mlembi wa (10) wayambira ndi kugonja kwa mu 1898, ndipo ophunzira adzayamba kuona kuti kasanjidwe ka nkhani ndi cisankho ca munthu amene ali ndi cimene akufuna kutsindika.

Cacinai, okonza mayeso aunike ndime zimene amasankha. Funso lakuti cinayamba kucitika n'ciani siliyesa kanthu ngati yankho lake lili m'ciganizo coyamba ca ndime yolunjika. Pa mafunso a ndondomeko, ena azikhala ocokera m'ziganizo zonga (2), (4) ndi (8), ndipo ndimezo zizikhala za zinthu zimene wophunzira sangazidziwe popanda kuwerenga.

Kwa ofufuza, pali nchito imene ikudikira. Ziganizo zinai za m'gawo 3 zingagwiritsidwe nchito kuyesa ana a m'magiredi osiyanasiyana, polankhula ndi powerenga, ku Chipata kumene Cicewa cimalankhulidwa pakhomo ndiponso ku Lusaka kumene Cinyanja ca m'tauni cimasiyana ndi ca m'mabuku. Kafukufuku wotere angatiuze ngati vuto lili pa kumva tanthauzo la -ta- ndi -sana-, kapena pa kuwaona pamene alembedwa m'kati mwa mneni wautali.

8. Mau Otsiriza

Mwana amene wamvetsa m'cinenero cake kuti ndondomeko ya kasimbidwe ndi ndondomeko ya zocitika ndi zinthu ziwiri, amapita nalo luso limenelo ku Cingerezi, ku mbiri yakale ndi ku sayansi. Akadzakumana ndi had planted m'buku la Cingerezi adzazindikira kuti ndi anali atabzala amene anamuphunzira kale. Koma ngati tiyambira pa mndandanda wobwereka, tidzakhala titamuphunzitsa mau asanu n'kumubisira dongosolo lonse limene amalankhula kuyambira ali wamng'ono. Aphunzitsi a Cinyanja ndi a galamala akhala akuphunzitsa nthawi za mneni pa ola lina ndi kumvetsa nkhani pa ola lina, ngati kuti ndi minda iwiri yosiyana. Pa nkhani ya ndondomeko ya zocitika, munda ndi umodzi, ndipo uyenera kulimidwa pa phunziro limodzi.